Loko Wofiira wa Merv Tregenza

Kuno ku Broken Hill, tauni ya migodi, ukhoza kumudyera mnzako chakudya cha m'chitini chake, ukhoza kumunyozera timu yake ya mpira mpaka malovu kuuma, mawa mudzamwera limodzi ngati sipanachitike kanthu. Koma loko wake usamukhudze. Aliyense wa ife amene tinagwirapo ntchito mu mgodi anapatsidwa loko wofiira wa kiyi mmodzi. Ukafuna kupisa manja m'makina umayamba wazimitsa magetsi pa swichi yaikulu, n'kukolekapo loko wako, kiyi n'kusunga wekha. Loko ameneyo amanena kuti muli munthu m'katimo, ndipo womuchotsa ndi mwini wake basi, kaya bwana akuwe chotani. Chaka china kapitawo wina waphuma anadula loko wa munthu amene anali atangopita kokataya madzi. Shifiti yonse inatuluka mu mgodi n'kukakhala pachipata masiku atatu. Munthuyo sanavulale n'komwe, koma nkhani sinali imeneyo.

Amene anatitsogolera potuluka tsiku limenelo anali Merv Tregenza, wa zamagetsi. Ine ndine Zammit, ndinali makaniko, ndipo ndinagwira naye ntchito zaka makumi atatu ndi ziwiri. Anali wamfupi, wa makutu aakulu, ndipo mawu akuti "mwina" sanali m'kamwa mwake. Liuma lake linali lodziwika tauni yonse. Malemu mkazi wake, Noelene, ankati anamulola chifukwa chotopa, poti munthuyo anakana kuchoka pakhonde la makolo ake. Tsiku limene Merv ankapuma pa ntchito chifukwa cha ukalamba, a ku ofesi anamupempha kuti abweze loko wake. Anawayang'ana n'kuwafunsa ngati akufunanso nsapato zimene wavala. Loko anapita naye kwawo. Kachikwangwani ka dzina kanali katathothoka kalekale, panangotsala nambala yokhomerera pachitsulo, 417.

Kuseri kwa bwalo la mpira kuli shedi ya malata imene ife madala a mgodi timakumanako Lachiwiri ndi Lachinayi, kukonza mipando ya anthu, kumwa tiyi ndi kunamizana za mphamvu zathu zakale. Noelene atamwalira, Merv anakhala miyezi ingapo osaoneka. Kenako anatulukira ndi zitsulo kumbuyo kwa galimoto n'kuyamba kumanga makina ogoba matabwa. Linali tebulo lalikulu, pamwamba pake kampeni kozungulira koyenda motsogozedwa ndi kompyuta. Kampeniko kamakokedwa ndi mamota atatu: ina kutsogolo ndi kumbuyo, ina kumanja ndi kumanzere, yachitatu kukweza ndi kutsitsa. Mamota amenewa sazungulira chizungulirezungulire ngati a fani. Amayenda ndi masitepe, mazana awiri kuti azungulire kamodzi, ndipo kompyuta imawerenga sitepe iliyonse imene yalamula. Mota iliyonse ili ndi kabokosi kake koyendetsa, kamene kamaipatsa moto.

Pa mota iliyonse pamatuluka mawaya asanu ndi atatu, ochokera ku makoyilo anayi amene ali m'kati, ndipo makoyilowo amagwira ntchito awiriawiri. Mkangano wonse wa m'shedi mwathu unabadwira pa kalumikizidwe ka awiriawiriwo. Ukhoza kuwalumikiza mondondozana, mchira wa iyi kumutu kwa inayo, kuti moto udutse mwa imodzi kenako mwa inzake. Ukhozanso kuwaphatikiza, mitu pamodzi, michira pamodzi. Mondondozana mota imadya moto wochepa ndipo kabokosi sikatentha, koma ukaithamangitsa imafooka. Mophatikiza imathamanga bwino, koma imadya moto wowirikiza kawiri, ndipo kabokosi kamaumva. Merv analumikiza mondondozana. Makinawo ankayenda modekha moti tinawapatsa dzina loti Nkhono, ndipo Bluey Vidovich, chimunthu chimene chinkaboola miyala kale, ankati ukayatsa Nkhono ukhoza kupita kukameta n'kubwerako isanamalize chilembo choyamba.

"Shedi ino ndi uvuni," Merv ankatero. "Amene amakuuzani zophatikiza amakhala kunyanja kumene kumawomba kamphepo. Abwere adzayatse kuno mu Januwale."

Ankatichenjezanso kuti mota yamtundu umenewu ikaphonya sitepe siinena. Kompyuta imapitiriza kuwerenga ngati zonse zili m'malo mwake, ndipo umadzazindikira thabwa litawonongeka kale.

Kuiwala kwake kunayamba pang'onopang'ono. Lamlungu lina anakhala pakhomo pa shedi m'mawa wonse, kenako n'kundiimbira foni kunditukwana kuti bwanji tonse tajomba. Tsiku lina tinapeza mita yake yoyezera magetsi mu firiji, pafupi ndi mkaka. Tinaseka, nayenso anaseka. Koma atayamba kunditchula Kevin, dzina la mchimwene wake amene tinamuika m'manda zaka zoposa makumi atatu zapitazo, kuseka kunandithera. Mwana wake Raelene anabwera kuchokera ku mzinda wa Adelaide n'kupita naye kwa madokotala. Anamulanda chiphaso choyendetsera galimoto. Merv anagula njinga ya matayala atatu n'kumangirira bokosi la zida kumbuyo. Raelene anali atapeza kale chipinda m'nyumba yosungirako okalamba pafupi ndi kwawo, ndipo Merv anamuyankha kuti adzapitako tsiku limene adzasamutsireko shedi. Atakangana mokwanira anagwirizana chinthu chimodzi: bola ngati akugwirabe ntchito pa makina ake ndipo anzake akumulola, akhale kuno. Tsiku limene a shedi adzati basi, adzakwera galimoto ya ku Adelaide. Tonse tinkadziwa pangano limeneli.

Mu Disembala anthu osamalira manda akale anatipempha ntchito. M'mandamo muli ana ambiri amene anafa kalekale ndi matenda a madzi oipa, ndipo anaikidwa popanda chizindikiro. Anthuwo anali atafufuza mayina zana limodzi ndi makumi anayi, ndipo ankafuna thabwa lolimba pa dzina lililonse mwambo wokumbukira usanafike kumayambiriro kwa Marichi. Tinayamba kubwera tsiku lililonse, koma Nkhono inkagoba matabwa atatu okha patsiku. Wapampando wathu, a Gavin Pascoe, anawerengetsera masiku n'kugwira mutu. A Pascoe anali oyang'anira za chitetezo ku mgodi, munthu woyenda ndi cholembera kukhutu. Sindinganene kuti ndi munthu woipa. Amangokhulupirira pepala kuposa munthu amene waima patsogolo pawo.

Mu Januwale Merv anapita ku Adelaide sabata imodzi kukapimidwa mutu. A Pascoe anawerenga zimene anthu amalemba pa intaneti, n'kumasula mawaya onse, kuwaphatikiza, n'kuwonjezera moto pa timabokosi. Nkhono inasanduka kavalo. Matabwa asanu ndi atatu patsiku. Tinawomba m'manja, ndipo ine ndinawomba nawo.

Atabwerako, Merv anamva kusinthako asanalowe n'komwe, ndi khutu. Anatsika panjinga, kulowa osapereka moni, n'kukagunditsa kuseri kwa dzanja pa timabokosi, kamodzikamodzi. Anafunsa amene wachita zimenezi. A Pascoe anavomera monyadira, n'kumuonetsa mulu wa matabwa. Merv anati tidikire nthawi ya masana. Mwatsoka tsiku limenelo kunali mitambo, makina anayenda bwinobwino mpaka kuweruka, ndipo anthu anamuseka kuti akuchita nsanje.

Lachinayi dzuwa linaswa mtengo. Kunja kunali madigiri makumi anayi ndi anayi, ndipo m'shedi malata ankalira okha. Titadya, tinaika thabwa la mwana wina, Ethel May Roskilly, wa miyezi isanu ndi iwiri. Dzina linayamba bwino. Pakati pake zilembo zinangosendera kumbali ngati chala chimodzi, kampeni n'kudutsa pa zimene kanagoba kale. Tinaika thabwa lina, zomwezo. A Pascoe anati pali amene wakhudza china chake, poti sabata yonse makinawo sanalakwitsepo. Wina anati anaona Merv ataima pafupi ndi timabokosi nthawi ya chakudya. Merv anati n'kutentha, kabokosi kakatenthetsa kamadzizimitsa kamphindi, mota n'kuphonya masitepe. A Pascoe anamuyandikira n'kuyankhula motsitsa mawu, mmene timayankhulira ndi wodwala.

"A Merv, mwina munakhudzako pang'ono n'kuiwala? Palibe akukudzudzulani."

Kukanakhala bwino akanamukalipira. Merv anatsegula pakamwa kuti alumbire, n'kukhala choncho. Sakanatha kulumbira. Sankakumbukira kuti anadya chiyani, nanga akanakumbukira bwanji kumene kunapita manja ake? Pa zaka zonse zimene ndinamudziwa ndinali ndisanamuonepo atasowa chonena.

Komiti ya shedi inakumana madzulo omwewo, anthu asanu, ine mmodzi wa iwo. Tinagwirizana kuti Merv azibwerabe, azimwa tiyi, azipala matabwa ndi sandipepala, koma asakhudzenso waya kapena makina. Tinkadziwa bwino kuti tikumutumiza ku Adelaide. Ndinakweza dzanja. Ndinadziuza kuti ndikuopa kudzamupeza tsiku lina atauma ndi waya m'manja, ndipo mantha amenewo anali oona. Koma manyazi a dzanja limenelo sananditherebe mpaka lero.

M'mawa wa Lachisanu tinapeza shedi yotsegula kale. Merv anali pampando pafupi ndi swichi yaikulu ya makina, chitini chake cha chakudya pamiyendo. Pa swichipo pankalendewera loko wofiira.

"Makinawa akudwala," anatero. "Ndawatseka."

A Pascoe anamufotokozera modekha kuti kuno si ku mgodi, kuti malamulo a shedi sanena kanthu za maloko, ndiponso kuti komiti inagamula kale. Merv anawafunsa ngati magetsi a kuno ali osiyana ndi a ku mgodi. Kenako anatsegula chitini chake n'kuyamba kudya buledi, nthawi ya chakudya isanakwane n'komwe.

Zinatenga masiku asanu ndi anayi. M'mawa uliwonse njinga ya matayala atatu inkafika patsogolo pa aliyense. Zinthu zina ankaiwala, monga chipewa, kapena kuti ndi tsiku lanji, koma mpando umenewo sanauphonyepo. Kiyi anamumangirira pachingwe n'kuvala m'khosi. Ife tinkapala matabwa opanda mayina, kuwapaka mafuta, kuwapalanso, popeza panalibe china chochita. Mkazi wanga anayamba kundipatsira chakudya cha anthu awiri, osandifunsa kanthu, ndipo chete wakeyo anandiuza mbali imene anali.

Pa tsiku lachinayi la kutsekako a Pascoe anabwera ndi chodulira zitsulo chachikulu. Anapatsa Bluey. Bluey anapisa manja m'matumba n'kunena kuti nyamakazi yamugwira lero. Anapatsa wina, uyo n'kukumbukira kuti ali ndi ketulo pamoto. Anafika kwa ine, poti ndinali wa komiti. Ndinawauza kuti dzanja ndinakweza, koma loko wa munthu sindidula ngakhale atandimanga. Pamenepo a Pascoe anapsa mtima, n'kupita okha pa swichi, n'kulumitsa chodulira chija pa lokoyo. Merv sanadzuke pampando.

"Dula, Gavin," anatero. "Unachotsa anthu angati ntchito chifukwa cha zimenezi? Des Hocking, mmodzi. Mario Forner, wachiwiri, mkazi wake ali ndi pakati. Unandiuza wekha kuti lamulo silimva chisoni. Dula, ife tikuonerera."

Za dzulo zinkamuthawa, koma za zaka makumi atatu zapitazo anali nazo zonse, ndi mayina omwe. A Pascoe anaima pamenepo nthawi yaitali, thukuta likutsika m'khosi. Kenako anachotsa chodulira chija n'kukachiika pa benchi mosamala kwambiri. Ndinawalemekeza tsiku limenelo, ngakhale sindinawauze.

Nkhani inafika kwa Raelene, ndipo anaimba foni kuti akubwera kumapeto kwa sabata kudzatenga bambo ake. Apo m'pamene Merv anapereka mawu ake. Loweruka adzalumikizanso mamota onse atatu mondondozana, pamaso pa aliyense, popanda pepala kapena chithunzi. Tidzayatsa makina masana, dzuwa lili pamutu. Thabwa limodzi lokha likawonongeka, adzachotsa loko wake n'kukalongedza yekha katundu. A Pascoe anavomera msanga. Masiku anali kutha, komanso ndikuganiza kuti sankakhulupirira kuti munthu woika mita mu firiji angalongosole mawaya makumi awiri ndi anayi.

Loweruka kunatentha ngati Lachinayi lija. M'shedi munadzaza, kunabwera ndi amene anasiya kalekale kubwera. Raelene anafika Merv atayamba kale, n'kuima pakhomo, makiyi a galimoto m'manja.

Mamota atatuwo anagulidwa kosiyanasiyana, ndipo mitundu ya mawaya ake siigwirizana. Wofiira wa iyi si wofiira wa inayo. Merv sankakhulupirira mitundu chiyambire. Anamasula mawaya onse a mota yoyamba, n'kutenga awiri, kuwagunditsa nsonga, dzanja linalo likupotokola shafuti, kachitsulo kozungulira kaja. Shafuti ikazungulira mopepuka, ndiye kuti mawayawo si a koyilo imodzi. Ikalimba, wapeza mutu ndi mchira. Anapeza makoyilo onse anayi motero, maso ali kudenga. Kenako panatsala povuta, kudziwa koyilo iti ndi mnzake wa iti, ndiponso mbali yake. Ankalumikiza awiri mondondozana, kugunditsa nsonga zotsalazo, n'kupotokolanso. Akakhala anzake koma wawatembenuza, amalimbana okhaokha ndipo shafuti imangoti pepuu ngati mulibe kanthu. Akakhala bwino, imati gwa, mpaka zala kuwawa. Ikati gwa, Merv ankang'ung'udza kamodzi kukhosi n'kumanga.

Anandifunsa katatu ngati tamwa kale tiyi. Dzina la a Pascoe linamuthawa, n'kumangoti bwana uyu andipatse pulayazi. Koma manja sanafunse munthu. Ndinaima pambali pake ndikumugwirira tochi. Patatha maola awiri mamota onse anali omanga. Anatsitsa moto pa timabokosi ndi nsonga ya sikuludalaivala, n'kundilamula kuti ndichepetse liwiro pa kompyuta. Anapukuta manja pa thalauza n'kupita pa swichi yaikulu.

Anaima. Anayang'ana loko uja, kumutembenuza ndi chala kufuna dzina, osalipeza. Atatembenuka, nkhope yake inali ya Merv wa ku mgodi, ndi mawu omwe.

"Loko uyu ngwa ndani? Pasapezeke woyatsa. Muli munthu m'makinamu. Zammit, kafufuze mwini wake, ndipo wina asayerekeze kumukhudza."

Bluey anayang'ana nsapato zake. Kukhomo ndinamva makiyi a Raelene akulira. Ndinalakalaka wina ayankhule, koma anali atatchula ine.

"Ngwako, Merv," ndinatero. "Kiyi ali m'khosi mwako."

Anakweza dzanja n'kupeza chingwe chija. Anatulutsa kiyi, kumuyang'ana, kuyang'ana loko, kenako n'kutiyang'ana ife mmodzimmodzi mpaka kukafika pa mwana wake. Ndinaona kuti wazindikira chimene chachitika, ndiponso kuti chachitikira pamaso pa anthu onse amene ankafuna kuwatsutsa. Ndinkayembekeza kuti agwa mphwayi, akhala pansi. Anaweramutsa mutu.

"Ndiye mwini wake wapezeka," anatero.

Anazungulira makina onse mmene lamulo limanenera, kuona ngati pali chida chotsala kapena dzanja la munthu. Anachenjeza kuti manja kutali. Anatsegula loko n'kuyatsa.

Nkhono inayamba ulendo wake waulesi uja. Tinaika thabwa latsopano la Ethel May Roskilly nthawi itadutsa pang'ono 2 koloko, malata akulira pamwamba pathu. Palibe anapita kukameta. Tinaonerera chilembo chilichonse mpaka chomaliza, ndipo dzina linatuluka loongoka. Tinaika lachiwiri, kenako lachitatu. A Pascoe anapita okha kukagunditsa dzanja pa timabokosi, n'kupeza tili tofunda chabe. Ananena pamaso pa onse kuti kunali kutentha, kuti Merv sanakhudze kanthu Lachinayi lija, ndipo anapepesa. Kenako anayamba kunena kuti komabe, zimene tonse taona pa swichi paja...

"Ndaona nanenso," Merv anawadula. "Ndinalipo."

Anavula chingwe cha kiyi m'khosi, kuchikulunga pa loko, n'kubwera kwa ine. Anagwira dzanja langa n'kuika lokoyo m'menemo.

"Pa shelefu pali mota yakale ija. Lachiwiri lililonse uzindipatsa, mawaya ali omasula. Tsiku limene ndidzalephere kuilumikiza, udzakoleke loko uyu pa swichi, kiyi udzasunge iweyo, ndipo ine sindidzatsutsa. Osati komiti, osati dokotala, osati mwana wanga uyo. Iwe. Unakweza kale dzanja, ukudziwa kachitidwe kake."

Ndiye zimenezo ankazikumbukira. Ndinafumbata lokoyo.

Iye ndi Raelene anakangana m'galimoto pafupifupi ola lathunthu, mawindo otseka, ife tikunamizira kusesa. Raelene atatuluka maso ali ofiira anabwera kwa ine n'kundiuza kuti bambo ake asayatse kanthu ine kulibe, ndipo ngati chinachake chidzawachitikire adzandifunafuna. Ndinavomera. Komiti inakumananso n'kufafaniza chigamulo chake, ndipo a Pascoe analemba pangano latsopanolo m'buku, poti popanda kulemba sakanagona tulo. Mwambo wa kumanda unafika tili ndi matabwa zana limodzi ndi atatu okha. Anthu ena anadandaula. Merv anawauza kuti anawo adikira zaka zoposa zana, mwezi umodzi suwapweteka, ndipo otsalawo tinakawazika mu Epulo.

Papita chaka ndi miyezi iwiri. Njinga Merv anasiya, ndimakamutenga ndine. Masiku ambiri ndine Kevin, ndipo ndinasiya kumukonza. Nkhani za ku mgodi nazonso zayamba kung'ambika, amayamba ina n'kumalizira ina. Koma Lachiwiri lililonse, tisanayatse kanthu, ndimatsitsa mota yakale ija n'kumuikira pa benchi, ndipo zala zake zimayamba zokha kufufuza mawaya. Anthu amapitiriza ntchito zawo ngati sakuona, koma macheka onse amakhala chete mpaka atamva kung'ung'udza kuja.

Lachiwiri lapitali anapeza makoyilo anayi bwinobwino. Analumikiza awiri oyamba, kugunditsa nsonga, kupotokola. Shafuti inazungulira mopepuka. Iye sanaime. Anatenga pulayazi n'kuyamba kumanga, ngati zili bwino. Ndinamva loko akundilemera m'thumba. A Pascoe anali atasiya kupala thabwa lawo ndipo ankandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pawindo, n'kuyamba kuwerenga magalimoto oima kubwalo la mpira. Ndinafika pa asanu ndi limodzi. Kumbuyo kwanga pulayazi inasiya kulira. Ndinamva Merv akutukwana chapansipansi, akumasula, akutembenuza waya. Kenako kung'ung'udza kuja.

Poweruka a Pascoe ananditsatira mpaka pagalimoto, Merv atakhala kale m'kati. Anati ndaona zimene zachitika, ndipo pangano ndi pangano. Ndinawauza kuti ndaona munthu atalumikiza mota molondola. Anati inde, koma poyesa kachiwiri. Ndinawauza kuti akatsegule buku lawo lija aone ngati tinalembamo kuti kangati. Tsikulo lidzafika, sindine mwana, ndipo likadzafika ndidzakoleka ndekha ndi dzanja lomwe ndinakweza lija. Koma lokoyu ali m'thumba mwanga, kiyi ali m'khosi mwanga, ndipo kuno kwathu loko wa munthu sakhudzidwa.

Merv anagogoda pagalasi kuti tizipita, Kevin, kukutentha.